Jenereta ndi batire: zoyenera kudziwa kuti zikhalitse komanso zisavulaze munthu

Dzuwa likalowa m'misika ya ku Angónia ndi Tsangano, phokoso la jenereta limamveka mbali zonse. Ometa tsitsi, otchaja mafoni ndi oonetsa mpira amadalira makinawa, amene ambiri kuno amawatchula kuti gerador. Alimi ena amagula akagulitsa mbatatesi, ndipo injini yake ndi yofanana ndi ya pampu yothirira kudimba. Ndalama zake si zochepa, choncho ndi zomvetsa chisoni kuona makina akufa chaka chisanathe chifukwa cha zinthu zazing'ono.

Tiyambe ndi chimene chimapha. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo wogona amangopitirira osadzukanso. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, kuzizira kukafika povuta, anthu amatseka zitseko zonse, ena n'kulowetsa jenereta m'nyumba poopa akuba. Mantha amenewo ndi omveka, koma njira yake ndi tcheni ndi loko. Jenereta izilira panja, mamita osachepera 6 kuchoka pa khomo kapena zenera, utsi utaloza kutali ndi nyumba. Kutsegula zenera sikukwanira. Ngati anthu awiri kapena atatu m'nyumba ayamba kudandaula mutu nthawi imodzi makina akulira, atuluke msanga ndipo athamangire kuchipatala. Nyengo ya mvula imangireni kadenga kopanda makoma, ndipo musaigwire ndi manja onyowa.

Petulo musathire injini ikulira kapena ikadali yotentha. Izimitseni, dikirani mphindi 15. Mafuta ogula m'mabotolo pamsewu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zitsotso, ndiye asefeni ndi kansalu koyera. Petulo akakhalitsa amasiya phula limene limatseka kabuleta. Ngati makina akhala mwezi kapena kuposa osagwira ntchito, tsekani kampopi ka mafuta, muwasiye alire mpaka azime okha.

Pa nkhani ya oilo, dziwani kaye mtundu wa injini yanu. Timajenereta ting'onoting'ono tambiri tilibe malo othira oilo payekha, timafuna oilo wosakaniza ndi petulo. Muyezo wofala ndi mamililita 20 pa lita imodzi, koma onani zimene zalembedwa pa thanki. Zazikulu zili ndi malo ake a oilo. Yesani kuchuluka kwake musanalize, makina ali pamalo osapendekeka. Yatsopano isinthidwe oilo ikagwira maola pafupifupi 20 oyamba, kenako pa maola 50 mpaka 100 alionse. Amene amaliza maola 4 usiku uliwonse aone kuti maola 100 amakwana mwezi usanathe. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala limatseka sefa ya mpweya, ndipo mudzadziwira utsi wakuda ndi kumwa mafuta kwambiri. Ngati sefayo ndi ya siponji, ichapeni ndi sopo, iume bwino, muidontheze oilo pang'ono.

Lizani makina musanalumikize chilichonse, ndipo pozimitsa yambani mwachotsa zipangizo. Musadabwe ikamalephera kunyamula zimene zalembedwa pa bokosi. Kumalo okwera ngati kuno mpweya ndi wopepuka, ndipo pa mamita oposa 1,000 injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake. Ayironi ndi ketulo ndi zolemera kwambiri kwa kajenereta kakang'ono. Amene nyumba zawo zili ndi magetsi a EDM asalumikize jenereta pa soketi ya pakhoma, chifukwa magetsi amabwerera m'mawaya a panja n'kugwira munthu amene akukonza pa polo.

Batire nayo ili ndi malamulo ake. Ya mavoti 12 ikadzaza n'kupuma imaonetsa 12.6 pa mita. Ikafika 12.2 yatsala theka, ndipo mpamene muyenera kuitchaja. Chizolowezi chodikira mpaka wailesi itazima yokha ndicho chimapha mabatire ambiri, makamaka a galimoto, amene sanapangidwire kutheratu moto. Kuisiya yopanda moto kwa milungu kumaumitsa mapuleti a m'kati, ndipo siidzasunganso moto ngati kale. Potulukira mavoti 12 pa jenereta zambiri palibe chodula moto batire ikadzaza, choncho ndi bwino kugwiritsa tchaja yodzizimitsa yokha.

Ngati batire yanu ili ndi zitsekerero, onani madzi kamodzi pa mwezi. Mapuleti azikhala omira. Onjezerani madzi a batire okha, olembedwa água destilada m'masitolo. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umaononga mapuleti, ndipo asidi saonjezeredwa, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi. Potchaja, batire imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto. Kandulo, fodya ndi mbaula zikhale kutali, ndipo musayese mphamvu yake pokhudzitsa waya kuti muone mphaliwali. Pochotsa mawaya yambani ndi wakuda wa chizindikiro chochotsera, pobwezeretsa mumalize ndi womwewo. Ufa woyera wa pa mitu umachoka ndi soda wophikira wosungunula m'madzi, koma asalowe m'kati. Mukaumitsa pakani girisi pang'ono.

Asidi akadonthera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 20, kenako pitani kuchipatala. Batire yakufa musaiswe pakhomo kapena kutaya asidi wake pafupi ndi chitsime. Muli mtovu umene umaononga ubongo wa ana. Isungeni yosatsegula pamalo amene ana ndi ziweto safika, mpaka mutaipereka kwa ogula mabatire akale.