MASO A M'MLENGALENGA AKUONA MOTO WA M'THENGO

Caka ndi caka, pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, thambo limakhala litayera kale ndi utsi. Mapiri amabisika, dzuwa limalowa lili psuu ngati khala, ndipo ana ndi nkhalamba amayamba kutsokomola. Utsi umenewu, umene anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi anauzolowera kalekale, masiku ano ukulondoledwa ndi makina oyenda m'mlengalenga ochedwa masetilaiti.

Mu 1999 bungwe la NASA la ku America linaponya setilaiti ya Terra, ndipo mu 2002 linaponyanso ya Aqua. Zonse ziwiri zinanyamula cipangizo ca MODIS, cimene cimamva kutentha kwa moto cili pa mtunda wa makilomita 700 kucokera pansi. Mu 2011 kunabwera cina coposa, ca VIIRS, cimene cimapeza ndi moto wocepa womwe. Setilaiti ikadutsa, malo alionse oyaka amalembedwa pa mapu ngati kadontho kofiira, ndipo patangopita maola ocepa mapuwo amapezeka pa intaneti kwaulere.

Palinso masetilaiti a Meteosat a maiko a ku Ulaya, amene ali pa mtunda wa makilomita 36,000 ndipo sacoka pamwamba pa Africa. Amenewa amajambula mphindi 10 kapena 15 zilizonse, usana ndi usiku. Akatswiri akandanda zithunzizo amaona kumene utsi ukulowera, ndiponso amasiyanitsa mitambo ya mvula ndi fumbi, monga lija louluka m'zigwa zamcere za Makgadikgadi ku Botswana.

Zithunzi zimenezi zaulula kuti mwa magawo 10 a malo onse amene amapsa pa dziko lapansi, pafupifupi 7 ali mu Africa. Zaonetsanso kuti utsi sudziwa malire. M'cilimwe mphepo imaomba kwambiri kucokera kum'mawa ndi kum'mwera ca kum'mawa, motero anthu a ku Vubwi, boma locita malire ndi Malawi ndi Mozambique, amapuma utsi wa anansi awo. Wa ku Katete ndi Sinda nawonso umapita kumadzulo, kukasakanizana ndi wa ku Congo ndi Angola, mpaka kufika pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Nthawi zina mphepo imatembenuka: mu Sepitembala 2000 akatswiri a kafukufuku wa SAFARI 2000, amene ena a iwo anali ku Mongu, anaona utsi wa m'maiko ano ukuyenda ngati mtsinje kupita ku nyanja ya Indian.

Koma amene amaluza kwambiri ndi mlimi wa pompano. Moto wa mu Sepitembala ndi Okutobala umakhala wolusa cifukwa udzu wauma gwa. Umatha udzu wofolera nyumba ndi msipu wa ng'ombe, umapha timitengo tophuka, umathamangitsa njuci, ndipo umanyeketsa mapesi amene akadaolerana ndi kubwezera nthaka m'munda. Dothi likatsala pamtunda, kamvuluvulu amalinyamula ngati fumbi, ndipo lotsalalo limakokoloka ndi mvula yoyamba. Tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi timalowa mpaka m'mapapo, ndi kusautsa makamaka odwala mphumu ndi cifuwa.

Ngakhale zili conco, maso a m'mlengalengawa ali ndi polekezera. Moto wobisika ndi mitambo, kapena wozima setilaiti isanadutse, suoneka. Ndipo setilaiti siidziwa dzanja limene linakhwaca macisi, kaya ndi la wosaka mbewa, wososa m'munda kapena wotaya kanyenya ka fodya. Zimenezo amazidziwa ndi mafumu, nduna ndi eni mudzi.

Ndiye cifukwa cake alangizi a zankhalango amalimbikitsa kuti ngati thengo liyenera kutenthedwa, litenthedwe msanga, mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, ndiponso mudzi wonse utagwirizana. Alimi alambule njira zochinga moto kuzungulira minda, nkhokwe ndi manda, ndipo akwirire mapesi m'malo mowatentha. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala chire. Mudzi umene uulekerera kwa anzake, mawa udzauona pakhomo.