Kudula kapena kusintha: mkangano wa pansi pa galimoto ku Kalikiliki

Galimoto yakufa fuleksi ya ekizozi imamveka isanaoneke. Ikamachoka ku Mtendere kulowa m'timisewu ta Kalikiliki, dalaivala akangoponda mafuta pang'ono pansi pamayamba phwephwephwe, ndipo akaima kuti atsitse munthu, kachitsulo kena kamatsala kakuchita gwedegwede kunsi kwa mapazi ake. Ana osewera m'mbali mwa msewu amacheuka. Amakaniko okhala pamthunzi sacheuka n'komwe, poti akudziwa kuti mwini wake abwera ndithu, kaya lero kaya mwezi ukatha.

Akabwera, pempho limakhala limodzimodzi, lomwe owotcherera a m'makomboni a Lusaka analoweza kalekale: "Ba mdala, ingodulani kameneko muikepo paipi yowongoka, ndili pantchito." Apa ndi pamene amisiri amasiyanirana. Wina amatola sowo nthawi yomweyo. Wina amayamba wafunsa kuti, "Mwana wanga, mphira za injini unaziona liti?" Madalaivala ambiri salikonda funso limeneli chifukwa limachedwetsa ulendo, koma ndi limene limasunga ndalama m'thumba.

Ntchito ya kachitsulo kopindika

Injini siikhala chete pamalo amodzi. Imakhala pa mphira zolimba zimene amakaniko amati mamauntini, ndipo nthawi iliyonse munthu akaponda mafuta, akasintha giya kapena akagwira buleki, injiniyo imapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Izi zimachitika kwambiri m'galimoto zazing'ono zokoka ndi matayala akutsogolo, monga Toyota Vitz, Corolla, Allion ndi Honda Fit, zimene injini yake inagona chopingasa. Pomwepo paipi ya ekizozi inamangidwa ku injiniyo mbali imodzi, ndipo mbali inayo inapachikidwa ku thupi la galimoto mpaka kukafika ku sailensa. Chinthu chogwedezeka chikalumikizidwa ku chinthu chosagwedezeka, pamayenera kukhala malo ololera. Malo amenewo ndi fuleksi.

Kukula kwake nthawi zambiri sikupitirira dzanja ndi theka. Mukaidula pakati mumapeza chitsulo chopyapyala chamakwinya ngati kholingo la mbuzi, ndipo makwinyawo ndi amene amapindika popanda kutulutsa utsi. Kunja kwake kunakutidwa ndi ukonde wa timawaya tolukana, woteteza makwinya ku miyala ndi kuwaletsa kutanuka mopitirira. Mafuleksi abwino amakhalanso ndi nsanjiko ina mkati, yoti utsi wotentha usamamenye makwinya mwachindunji. Kutentha kwa utsi pamalo amenewa kumadutsa madigiri 500 galimoto ikamakwera mtunda, choncho kachitsulo aka kamapindika kambirimbiri pa ulendo umodzi kali kotentha koopsa.

Chimene chimaipha msanga

Zambiri mwa galimoto zoyenda m'makomboni a Lusaka zinayamba moyo wawo ku Japan. Kumeneko galimoto ikamakalamba, kuipimitsa ndi kuisunga pamsewu kumadula, ndiye eni ake amaigulitsa, n'kukwera sitima kudzatsikira ku Dar es Salaam, kenako kulowa m'dziko kudzera pa Nakonde. Zina zimadzera ku Durban n'kulowera pa Chirundu. Imafika ikuwala, koma mphira zake ndi za zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo inapangidwira misewu yosalala. Mimba ya Vitz imatalikirana ndi dothi masentimita pafupifupi 15. Ikanyamula anthu anayi ndi thumba la ufa, mpata umenewo umachepa.

Ndiye ifike ku Kalikiliki. Kombonili linakula m'mbali mwa mtsinje ndi damu, kum'mawa kwa mzinda, pafupi ndi Mtendere ndi Kabulonga, ndipo nyumba zinayamba kumangidwa misewu isanalinganizidwe. M'chilimwe mimba ya galimoto imakhula miyala yotuluka m'dothi ndi mahampu amene anthu amadziikira okha pofuna kuteteza ana. Mvula ikayamba mu November mpaka cha mu March kapena April, timisewu timasanduka zithaphwi. Paipi yotentha ikamizidwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira, chitsulo chimakhwinyata mofulumira, ndipo zikamachitika tsiku ndi tsiku timing'alu timayamba. Matope amakanirira mu ukonde wa timawaya, chinyezi chimakhalitsa, dzimbiri limadya polumikizira.

Koma mdani wamkulu amabisala pamwamba. Mphira za injini zikatha, injini imapendekera mopitirira muyeso, ndipo fuleksi imakokedwa kuposa mmene inapangidwira. Chimodzimodzinso timphira topachikira paipi tikaduka: kulemera konse kwa sailensa kumatsamira pa makwinya aja. N'chifukwa chake pali madalaivala amene amasintha fuleksi kawiri chaka chimodzi n'kumadandaula kuti masipeya a masiku ano ndi abodza, pamene vuto lili pa mphira imene palibe anaiyang'ana.

Si phokoso lonse la fuleksi

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kudula, amayamba ndi kumvetsera. Amadikira paipi izizire, amakweza galimoto n'kuikhazika pa zitsulo zochirikiza, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa za simenti zimene zimaphwanyika mosachenjeza. Kenako amalowa pansi chagada, n'kumamenya paipi ndi chibakera kuyambira kumbuyo kubwera kutsogolo.

Kulira kwa lata, kopyapyala, kawirikawiri kumachokera ku chilata chotchinga kutentha chimene bawuti yake yadyeka. Chimenecho ndi cha mphindi zochepa: washa wamkulu, nati yatsopano, basi. Phokoso la timiyala togubuduka mkati mwa chotupa chosefa utsi chotchedwa catalytic converter limasonyeza kuti zisa zake zaphwanyika, ndipo kusintha fuleksi sikungalithetse. Kugunda kolemera, kwa thithithi, kumakhala paipi ikumenya thupi la galimoto chifukwa kamphira kopachikira kaduka.

Fuleksi yeniyeni ili ndi zizindikiro zake. Timawaya takunja timanyenyeka n'kuima mbali zonse. Pamakhala mwaye wakuda pamene utsi ukuthawira. Mmisiri amauza wophunzira wake alize injini ikadali yozizira, n'kutseka kukamwa kwa paipi ndi chisanza kwa kanthawi kochepa. Ngati pali kabowo, kamayamba tswiii, ndipo madzi a sopo akawazidwa pamenepo amachita thovu. Nthawi zina kunja kumaoneka bwinobwino koma nsanjiko yamkati yamasuka, ikuphupha utsi ukamadutsa. Imeneyo ikapindikira mkati imatseka njira ya utsi, ndipo galimoto imafooka pamtunda popanda chifukwa chooneka.

Pomaliza amaponda buleki, kulowetsa giya, wina n'kumayang'ana injini boneti ili yotsekula. Ikadumpha kwambiri, nkhani yasintha. Sipeya yofunika kugula siimodzinso.

Mtengo wa paipi yowongoka

Kudula fuleksi n'kuwotcherera paipi wamba kumathetsadi phokoso, ndipo dalaivala amabwerera pamsewu ola lisanathe. Koma injini siisiya kugwedezeka. Mphamvu imene inkathera m'makwinya imapita kwina, n'kukafuna malo ofooka. Nthawi zina imang'amba pamene pawotchereredwapo. Nthawi zina imathyola mabawuti ogwira manifodi, poyambira paipi ya ekizozi, ku mutu wa injini, kapena kung'amba manifodi yeniyeniyo. M'galimoto zambiri zazing'ono manifodi inapangidwa pamodzi ndi catalytic converter, imene mkati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo za mtengo wapatali zimene zimachititsa kuti akuba azisakasaka zotupa zimenezi. Munthu wothawa mtengo wa fuleksi amakakumana ndi mtengo woposa pamenepo kangapo.

Kungoisiya ikutulutsa utsi nakonso kuli ndi ngongole yake. M'galimoto zimene kabowo kali pafupi ndi sensa yoyeza mpweya mu utsi, mpweya wakunja umayamwidwa kulowa m'paipi. Sensa imauza kompyuta kuti mafuta akuchepa, kompyuta imawonjezera petulo, nyali yachikasu imayaka pa dashibodi, ndipo thanki imatha msanga.

Choopsa kwambiri sichimveka fungo. Fuleksi imakhala kunsi kwa mapazi a dalaivala ndi wokhala kutsogolo. Utsi wa petulo uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda mtundu kapena fungo, umene umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen koposa ka 200. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu June ndi July. Dalaivala wa takisi woima pamzere wa galimoto pa Great East Road, mawindo atatseka chifukwa cha mvula kapena fumbi, amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, n'kumati ndi kutopa chabe.

Moto, magetsi ndi luso

Kum'mawa kwa Lusaka owotcherera sasowa. Aliyense wodutsa pa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga amaona mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Koma makina owotcherera geti si oyenera ntchito iliyonse. Khoma la paipi ya ekizozi ndi lopyapyala, milimita imodzi ndi theka kapena pamenepo, ndipo moto ukachuluka umaboola m'malo molumikiza. Amisiri a ekizozi amakonda moto wa gasi kapena makina a waya a MIG, amene moto wake umalamulika.

Chaka cha 2024 chinaonetsa kusiyana kumeneku. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi yadziko, madzi anachepa ku Kariba, ndipo miyezi ina ZESCO inkazimitsa magetsi maola oposa 20 patsiku. Wodalira magetsi ankadikira pakati pa usiku kapena kugula mafuta a jenereta, mtengo n'kuuika pa kasitomala. Wa mabotolo a gasi ankagwira ntchito masana. Nthawi ngati imeneyo ntchito yachidule imakopa onse awiri, mmisiri ndi dalaivala.

Ntchito yochitika bwino ili ndi ndondomeko yake. Batire imamasulidwa kaye ngati akugwiritsa makina a magetsi, ndipo waya wa pansi amaugwiritsa pafupi ndi powotcherera kuti kompyuta ya galimoto isapse. Amayeza kukula kwa paipi, kaya ndi mamilimita 45, 51 kapena kuposa, ndi kutalika kwa fuleksi yakale, kuti wopita kukagula m'tauni asabwere ndi yoyerekeza. Yatsopano imaikidwa itamasuka, yosakokedwa, yosapanikizidwa, yosapotoka. Mmisiri amaigwiritsa ndi timadontho titatu kapena tinayi paipi ili pagalimoto, kenako amamasula paipi yonse n'kukamaliza mzere wozungulira ili pansi, chifukwa pamwamba pa paipi dzanja silifika bwino ndipo m'pamene ntchito yachangu imasiya kabowo. Ukonde wa timawaya amaukuta ndi chisanza chonyowa kuti zothetheka zisaudye. Mapaipi a petulo amadutsa chapafupi, choncho amawatchinga, ndowa ya madzi ili pambali.

Alipira ndani?

Pansi pa mkangano wonsewu pali dongosolo la ntchito. Galimoto zambiri zonyamula anthu, kaya za pa siteshoni kaya zoitanitsa pa foni monga za Yango, zimayendetsedwa ndi munthu amene si mwini wake. Kawirikawiri dalaivala amagula yekha mafuta ndi kupereka ndalama yokhazikika kwa bwana, pamene kukonza zazikulu ndi kwa bwanayo. Fuleksi yotulutsa utsi imadyera dalaivala, pa petulo ndi pa thanzi, ndiye mwini galimoto saona chifukwa chofulumirira. Paipi yowongoka imadzadyera mwini galimoto patsogolo, ndiye dalaivala wofuna kukwanitsa ya tsikulo saona chifukwa choikanira. Aliyense amakankhira ngongole kwa mnzake, ndipo nkhani imadzakumbukika nthawi yokapimitsa galimoto ku RTSA ikayandikira.

Mmisiri ndi yekhayo amene amaona mbali zonse ziwiri, poti ndiye amalowa pansi. Wanzeru amauza dalaivala aimbire bwana wake ali pomwepo, amajambula mphira yong'ambika n'kuitumiza pa WhatsApp, n'kutchula mitengo iwiri: wa lero, wa fuleksi ndi mphira, ndi wa miyezi ikubwerayo, wa manifodi. Bwana akaona chithunzi ndi manambala onse awiri, amasankha akudziwa chimene akusankha, ndipo paipi ikadzathyoka sadzaloza chala dalaivala kapena mmisiri.