MPUNGA WOLOWERERA: YANG'ANANI MBEU MUSANABZALE



Cilala ca m'nyengo ya 2023/24 cinaumitsa minda m'zigawo zambiri za dziko lathu, kotero kuti pa 29 February 2024 boma linalengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Monga zinacitikira m'caka ca 1992, mabanja ambiri anadya ndi mbeu yomwe. Njala ikadutsa cotere, munthu amabzala cimene wapeza: ca pamsika, copempha kwa mnansi, kapena cogawidwa pa mpingo. Kapepala kano tilembera makamaka inu amene mulima mpunga m'madambo, monga abale athu a ku Chama, ndiponso inu amene mufuna kuyamba ulimi umenewu. Pali udzu wina woipa umene ulowa m'munda pamodzi ndi mbeu, ndipo nthawi yake yolowera ndi ino.

Udzu umenewu ndi mpunga ndithu. Ukamamera simungausiyanitse ndi mpunga wanu. Koma kawirikawiri umakula msanga ndi kutalika kuposa unzake, nulanda dzuwa ndi cakudya ca m'nthaka. Ngala zina zimakhala ndi ndevu zazitali, ndipo njere yake mukaicotsa mankhusu imakhala yofiira. Coipa ceniceni ndi ici: njere zake zimayoyoka zokha musanakolole, ndipo zina zimagona m'nthaka zaka zingapo zisanamere. Pamene waculuka, mlimi angataye kupitirira theka la zokolola, ndipo zotsalazo zimatsika mtengo cifukwa ca njere zofiira. Ku Malaysia alimi amati "padi angin", ndiye kuti mpunga wa mphepo, pakuti kamphepo kocepa kamakwanira kugwetsa njere zake. Ife m'kapepala kano tidzati mpunga wolowerera, ndipo cifukwa cake mucimva.

Ucokera kuti?

Mpunga umene timadya, Oryza sativa, unayamba ngati udzu wa kuthengo. Zaka pafupifupi 9,000 zapitazo anthu a m'cigwa ca mtsinje wa Yangtze ku China anayamba kuulima. Mpunga wa kuthengo umayoyola njere zake, pakuti ndimo umadzibzalira. Alimi aja, caka ndi caka, anali kusunga ngala zimene zinagwira njere mpaka tsiku lokolola, ndipo pang'onopang'ono mpungawo unaleka kuyoyoka, nuyamba kumera wonse nthawi imodzi. Ku Mali, m'madambo a mtsinje wa Niger, alimi a mu Africa anacita cimodzimodzi zaka ngati 3,000 zapitazo, naweta mpunga wao, Oryza glaberrima. Kusankha mbeu kumene amai amacita pa licero ndi nchito yakale kwambiri.

Kwa nthawi yaitali anthu ambiri anali kuganiza kuti mpunga wolowerera ndi wa kuthengo uja umene wangolowa m'munda. Tsono akatswiri anayamba kuwerenga malangizo a cibadwa amene ali m'njere iliyonse, amene amati DNA. Monga nkhope ya mwana imaulula makolo ake, DNA imaulula kumene comera cinacokera. Pali mbali ina ya DNA, yocedwa sh4, imene inasintha pamene alimi akale anali kuweta mpunga kuti uleke kuyoyoka. M'caka ca 2010 anapeza kuti mpunga wolowerera wa ku America uli ndi sh4 yofanana ndi ya mpunga wolimidwa. Ndiye kuti makolo ake anali m'munda wa munthu. Anawetedwa, nasungidwa m'nkhokwe, koma ana ao anapeza njira ina yoyoyolera njere, nabwerera ku makhalidwe a kuthengo. Ndi mwana wa pakhomo amene walowerera.

Kufufuza kwina, kofalitsidwa m'caka ca 2017 ndi Kenneth Olsen wa ku Washington University ku St. Louis pamodzi ndi anzake, kunatsimikiza kuti ku America kuli mitundu iwiri ya udzuwu. Wa mankhusu oyera unacokera ku mpunga wa mtundu wa indica, ndipo wa mankhusu akuda ndi ndevu unacokera ku mtundu wa aus, wa ku Bangladesh ndi kum'mawa kwa India. Taonani apa: alimi a ku America sanali kulima mitundu iwiriyi. Udzuwu sunabadwire m'minda yao. Unaoloka nyanja uli m'matumba a mbeu. Kunapezekanso kuti mbali zocepa cabe za DNA ndizo zinasintha kuti mbeu isanduke udzu, ndipo ofufuza a ku China anaona kuti zimenezi zacitika kambirimbiri, m'maiko osiyanasiyana, mtundu uliwonse paokha. Kumene mpunga wa kuthengo umamera pafupi ndi minda, monga ku Thailand ndi ku Malaysia, nawonso unasakanizako cibadwa cake. Kuno kwathu m'madambo muli mpunga wa kuthengo, Oryza longistaminata, umene umafalikira ndi mizu yoyenda pansi. Umenewo ndi wina, koma nawonso musaulekerere m'mphepete mwa munda.

Cifukwa ninji ufala tsopano?

Ku Malaysia bvutoli linaonekera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, alimi ataleka kuokera mpunga nayamba kungowaza mbeu. Wookera amabzala mbande zimene zakula kale, m'munda woyera, m'mizere. Wowaza amayambitsa mbeu ndi udzu tsiku limodzi, ndipo sangadziwe cozula. Ku America anayesa njira ya mankhwala: m'caka ca 2002 kunabwera mpunga wa Clearfield, umene sufa ndi mankhwala ena opha udzu. Unathandiza zaka zingapo. Koma ngakhale mpunga umadzibereketsa wokha, mungu wa maluwa ake umaulukako pang'ono kupita ku comera ca pafupi. Pakuti ziwirizi ndi pacibale, udzu unatengera mphamvu ija, ndipo pofika 2022 ofufuza anapeza kuti woculuka umene anatola m'minda ya ku Arkansas unali wosakanizika ndi mpunga wolimidwa. Ngati alimi okhala ndi makina ndi ndalama zinawakanika cotere, ife tisayembekeze botolo la mankhwala.

Zoyenera kucita

Mbeu iliyonse imene simudziwa kumene inacokera, tapani dzanja limodzi, muipekese pa mphasa kapena muisinje pang'ono mu mtondo, ndi kuyang'ana njere. Mukapeza zofiira pakati pa zoyera, mpungawo phikani, musabzale. (Ulipo mpunga wofiira wabwino umene anthu amalima dala, umenewo umakhala wofiira thumba lonse, ndipo suyoyoka.) Ngati mungathe, gulani mbeu yokhala ndi cizindikiro ca Seed Control and Certification Institute, kapena funsani alangizi a zaulimi. Akulu a mpingo, atumiki ndi amai a Cigwirizano amene mugawa mbeu, yesani thumba lililonse musanagawe. Thumba limodzi loipa lingadetse minda ya mudzi wonse.

Mvula yoyamba ikagwa, lekani zomera zokha zimere, muzipalire, ndipo pambuyo pake mubzale. Fesani pa nazale ndi kuokera m'mizere. Ciliconse comera pakati pa mizere si canu. Ena adzakumbukira fanizo la namsongole pa Mateyu 13, pamene anchito anauzidwa kudikira nthawi yokolola. Fanizolo linena za Ufumu wa Kumwamba. Pa mpunga musadikire, pakuti pofika tsiku lokolola njere zidzakhala zili pansi kale. Ngala zikangoturuka, yendani m'munda, zulani comera ciliconse cotalika, ca ndevu, kapena cosiyana ndi zinzake, ndi kucicotsa m'munda, osacitaya pa mzere. Ngati njere zayoyoka kale, musatipule mozama, cifukwa zokwiririka pansi ndizo zimakhala zaka. Zosiyidwa pamwamba mbalame zimadya, zina zimamera ndi kupaliridwa.

Patulani kacigawo ka munda kokhala mbeu ya caka ca mawa. Kayang'aneni kawirikawiri, kololani ngala zake ndi manja, mupunthire pa mphasa yosesa bwino, ndi kusunga m'thumba lake lake lolembedwa dzina la mbeuyo ndi caka.