Ku Ulaya ayambanso kusoka zigamba

ULÓNGUÈ — Tsiku la msika likafika kuno ku Ulónguè, ku Calómuè kapena ku Zóbuè, anthu amaunjikana pa belo la kalamidade, limene abale athu a ku Malawi amati kaunjika. Dzina loti kalamidade linatchuka m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ndi chilala, pamene zovalazi zinkabwera ngati chithandizo. Lero ndi malonda. Koma kodi inu awerengi munadzifunsapo kuti malaya osang'ambika, ena ooneka ngati sanavalidwepo, eni ake anawatayiranji?

Yankho lili m'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko makampani amatulutsa zovala za fasho yatsopano pafupipafupi, pa mtengo wotsika. Munthu amagula, kuvala kangapo, n'kutaya. Kusoka batani lothothoka amakuona ngati kutaya nthawi.

Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Zambiri mwa zovalazi zimasokedwa ku Asia ndi anthu olandira ndalama zochepa. Pa 24 Abril 2013, nyumba ya nsanjika 8 yotchedwa Rana Plaza inagwa ku Savar, pafupi ndi mzinda wa Dhaka m'dziko la Bangladesh. Munali mafakitale 5 osoka zovala za masitolo a kunja. Dzulo lake ming'alu inali itaoneka m'zipupa. Banki ndi masitolo a pansi anatseka, koma osoka anauzidwa kuti abwerere pa makina. Anthu 1,134 anafa, ena pafupifupi 2,500 anavulala, ambiri a iwo akazi. Malipiro otsikitsitsa a wosoka nthawi imeneyo anali madola 38 pa mwezi.

Komabe si onse a m'mizindayo amene akugwirizana ndi moyo wogula n'kutaya. Mayi wina wolemba nkhani wa ku Holland, Martine Postma, anatopa kuona katundu wabwino ali kudzala. Pa 18 Outubro 2009 anatsegula malo oyamba otchedwa Repair Café mumzinda wa Amsterdam. Kumeneko munthu amabwera ndi wailesi yakufa, njinga yothyoka kapena buluku long'ambika. Amene ali ndi luso, kawirikawiri okalamba opuma pa ntchito, amamuthandiza kukonza popanda kulipiritsa, mwini katundu ali pompo kuphunzira, akumwera limodzi khofi. Lero malo otere alipo opitirira 2,000 m'maiko osiyanasiyana.

Maboma ena atengerapo nzeru. Mu 2023 boma la França linakhazikitsa njira yochotsera mayuro 6 mpaka 25 pa mtengo umene munthu amalipira akapita ndi chovala kwa telala kapena nsapato kwa wosoka.

Awerengi okondedwa, zimene azungu akuphunzitsana ku Amsterdam ife tili nazo pakhonde. Telala wa makina opalasa ndi phazi, wokhoma zigamba pa ndowa, womata machubu a njinga pansi pa mtengo, onsewa ntchito yawo n'kutalikitsa moyo wa katundu. Chodandaulitsa n'chakuti belo likachuluka, makina a telala amakhala chete, ndipo achinyamata ena ayamba kuchita manyazi ndi chigamba. Akabwera kuchokera ku Tete, ku Beira kapena ku Joni, ulemu amauyeza ndi foni yatsopano, ngakhale ili ya ngongole.

Sitikuti musiye kugula kalamidade, pakuti yaveka mabanja ambiri amene sakanakwanitsa za m'loja. Koma meticais imene mwapatsa telala wa m'mudzi mwanu imagula ufa ndi makope a ana konkuno. Ndipo mwana akafuna kuphunzira kusoka kapena kukonza mawailesi, musamuseke kuti ndi ntchito ya olephera sukulu. Ku Amsterdam munthu waluso loterolo akuchita kumufunafuna.