Mulu wa manyowa ukatentha, musauphwasule

Mlimi wina wa ku Nkhotakota anandifunsa mokhumudwa: "Alangizi, manyowa anga akufuka nthunzi m'mawa, kodi sakupsa?" Mayiyu anali ataphwasula kale mulu umodzi poopa kuti chonde chithera m'mwamba. Ndinawauza kuti ataya chuma, pakuti kutenthako ndi umboni woti muli antchito osaoneka ndi maso.

Kale akatswiri ambiri ankaganiza kuti m'madzi otentha kwambiri simungakhale chamoyo. Koma mu 1966 a Thomas Brock ndi wophunzira wao Hudson Freeze anatunga madzi m'kasupe wotentha ku Yellowstone, m'dziko la America, napezamo mabakiteriya amoyo. Mu 1969 anawatcha dzina loti Thermus aquaticus. Tizilombo ta mtundu wa Thermus timakula bwino pa madigiri 70, madzi oti munthu sangapisemo dzanja. Akasupe otentha otere alipo kuno kwathu, monga Mawira ku Nkhotakota ndi Chiweta ku Rumphi. Madzi ake amatenthedwa ndi miyala ya pansi pa nthaka.

Nanga mlimi zikumukhudza bwanji? Mu 1996 akatswiri a ku Switzerland anapeza Thermus m'milu ya kompositi yotentha madigiri 60 mpaka 80. Mulu wa pamudzi nthawi zambiri sufika pamenepo, koma namonso muli tizilombo tina tokonda kutentha. Tikamadya mapesi, masamba ndi ndowe, timatulutsa kutentha. Kukapitirira madigiri 55 kwa masiku angapo, njere zambiri za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda zimafa. Mulu wozizira umachedwa kuola, ndipo udzu umakamera nao kumunda.

Tsono alimi anzanga, antchitowa amafuna zitatu: chakudya, chinyezi ndi mpweya. Sanjikizani zouma, zaziwisi ndi ndowe mpaka mulu utalike mita imodzi kapena kuposerapo. Thirani madzi kuti zinyowe, koma osati kuchita dontha. Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakatha masiku atatu kapena anayi izuleni: ikakhala yotentha ndi yonyowa, zinthu zili bwino. Ikakhala yozizira ndi youma, thirani madzi. Mulu ukayamba kuzizira, utembenuzeni kuti zakunja zilowe m'kati.

Mayi aja mulu wachiwiri anausiya kuti utenthe. Atautembenuza kachitatu, manyowa anali akuda bii, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango.