Muli ndi mwendo woyikirira? Nyanja mungalowe, koma mwendowo utsale kumtunda

Ngati mudadulidwa mwendo ndipo mumakhala ku Nkhata Bay, nkhani ya nyanja simungaizembe. Kunyanja ndi kosamba, ndi kochapa, ndi kogula usipa m'mamawa, ndiponso ndi njira yopitira ku Likoma kapena ku Usisya pa sitima ya Ilala. Ndiye mukapatsidwa mwendo woyikirira, mafunso amabwera okha: kodi ndingasambirenso? Ndingakwere bwato? Nanga mpira ndiye watha basi?

Zonsezi n'zotheka, bola chilonda chidapola ndipo a chipatala akulolezani. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu aliyense, kuphatikizapo aulumali, kuti azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kwa inu malangizowa ndi ofunika kwambiri, chifukwa kuyenda ndi mwendo woyikirira kumadya mphamvu zambiri kuposa kuyenda ndi miyendo yobadwa nayo, makamaka ngati adakudulani pamwamba pa bondo. Mtima ndi minofu zikafooka, mwendowo umayamba kulemera, ndipo mapeto ake umangotsamira kuseri kwa chitseko. Kusambira n'kwabwino chifukwa madzi amakunyamulani, ndipo mbali ya mwendo yomwe idatsala, imene pano tiziitchula kuti chitsa, imapuma ku ntchito yonyamula thupi.

Chomwe ambiri amalakwitsa n'kuganiza kuti ayenera kulowa m'madzi atavala mwendowo.

Mwendo wanu udapangidwira pamtunda

Anthu a m'chigawo cha kumpoto amapangitsa miyendo yoyikirira pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma la Nkhata Bay. Malowa adatsegulidwa mu 2012 ndi thandizo la bungwe la ku Scotland la 500 miles, lomwe lidayambitsidwa ndi Olivia Giles, loya yemwe iye mwini adadulidwa manja ndi mapazi mu 2002 atadwala matenda oumitsa khosi. Malo ena otere ali pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Miyendo yambiri yopangidwa m'maiko ngati lathu lino ndi ya pulasitiki yolimba yotchedwa polypropylene. Pulasitikiyo payokha siopa madzi. Zomwe zimaopa madzi ndi zina zonse: mabawuti omangira phazi amachita dzimbiri, kansalu kapena kathonje kofewa ka m'kati mwa soketi kamamwa madzi n'kuyamba kununkha, ndipo phazi lamphira limafumbutuka msanga likamanyowa n'kuuma kawirikawiri. Ngati mwendo wanu uli ndi bondo, mdani wake wamkulu ndi mchenga. Ukalowa m'malo opindikira umapala pang'onopang'ono, bondo n'kuyamba kulira kapena kukakamira. N'zoona kuti nyanja yathu ilibe mchere, choncho dzimbiri silifulumira ngati ku Beira kapena ku Durban, koma mchenga ndi womwewo.

Pali china choopsa kuposa dzimbiri. Mwendo woyikirira nthawi zambiri umasunga mpweya m'kati, ndiye m'madzi umafuna kuyandama. Ukatukuka kumbuyo, nkhope yanu imapita pansi, ndipo kuimirira kumavuta ngakhale pamadzi olekeza m'chiuno. Komanso chitsa chikanyowa chimaterera, mwendo n'kuvuka. Amene amaidziwa Nkhata Bay akudziwa kuti m'malo ambiri mukangochoka pamiyala, pansi pamatsetsereka nthawi yomweyo. Mwendo ukamira pamenepo kapena ukatengedwa ndi mafunde, ndiye kuti ulendo wa ku Mzuzu wayambiranso: thiransipoti, kuyezedwa, kudikira, n'kuphunziranso kuyenda ndi soketi yatsopano.

Ngati muli ndi mwendo wakale womwe mudausiya, musautaye. Funsani akatswiri omwe adakupangirani ngati angaukonze kuti ukhale wolowa nawo m'madzi osaya, monga pochapa kapena pokoka khoka. Miyendo ya m'madzi imabooledwa kuti madzi azilowa ndi kutuluka, ndipo pansi pake amaikapo mphira wosaterera. Koma musatenge msomali wamoto n'kuboola nokha mwendo womwe mukuyendera.

Akatswiri amasambira opanda mwendo

Mwina mukuganiza kuti kusambira ndi mwendo umodzi n'kungothandizika chabe. Pa mpikisano wa aulumali wa Paralympics, malamulo salola osambira kuvala mwendo kapena mkono woyikirira. Natalie du Toit wa ku South Africa adadulidwa mwendo wakumanzere pabondo mu 2001, galimoto itamugunda ali pa njinga yamoto ku Cape Town. Mu 2008 adapikisana ndi anthu a miyendo iwiri pa masewera a Olympics ku Beijing, pa mtunda wa makilomita 10, ndipo adathera pa nambala 16. Mnzake Achmat Hassiem adalumidwa mwendo ndi shaki mu 2006, koma mu 2012 adapata mendulo ya bronze ku London.

Simukufunika kufika pamenepo. Chofunika kudziwa n'chakuti masiku oyamba thupi lidzakudabwitsani. Lidzafuna kugudubukira mbali imodzi, ndipo posambira mudzaona mukukhotera kwina m'malo mopita kutsogolo. Zimenezi zimatha mikono ndi minofu ya pamimba zikazolowera. Yambirani pamadzi olekeza m'chiuno, yesani kaye kuyandama chagada, kenako phunzirani kuchoka poyandama n'kuima ndi mwendo umodzi. Muzisambira motsata gombe, osaloza pakati pa nyanja. Musapite nokha, musapite mutamwa, ndipo mwera ukamaomba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, dikirani tsiku lomwe nyanja yachita bata.

Mamita khumi ovuta

Malo omwe mungavulalirepo kwambiri ndi pakati pa pomwe mwavulira mwendo ndi pomwe madzi ayamba kukunyamulani. Ndodo zoyendera zimatitimira mumchenga ndipo zimaterera pamiyala ya ndere. Kudumpha ndi mwendo umodzi ndiye koipitsitsa: mukagwa, chomwe chimafika pansi poyamba ndi chitsa, ndipo chitsa chikang'ambika mutha kukhala milungu ingapo osavala mwendo.

Sankhani gombe lamchenga lotsetsereka pang'ono, ngati ku Chikale, m'malo mwa pamiyala. Yendani ndi mwendo wanu mpaka pafupi ndi madzi, khalani pansi, vulani, ndipo muupereke kwa mnzanu akauike pamthunzi. Padzuwa soketi imatentha mpaka kuwotcha khungu. Kenako khwekhwerezekani chokhala, manja ali kumbuyo, mpaka madzi akutengeni. Potuluka chitani chimodzimodzi mobwerera. Ana a m'mbali mwa nyanja adzakuyang'anani, zimenezo ndiye zosakanika, koma amatopa msanga ndi zomwe aziona kawiri.

Phazi lomwe lidatsala lisamaleni ngati dzira. Valani nsapato yapulasitiki yomanga ngakhale m'madzi, chifukwa m'magombe momwe mumakocheza asodzi simusowa mbedza, minga ya nsomba ndi magalasi osweka. Izi n'zofunika koposa ngati mwendo udadulidwa kaamba ka matenda a shuga. Shuga amapha mitsempha ya kumapazi, moti mutha kupsa ndi mchenga wa masana kapena kubayidwa osamva kanthu, n'kudzazindikira chilonda chitanyeka. Ngati muli pa mankhwala a shuga, musalowe m'madzi ndi njala, ndipo tengani kachakudya kotsekemera, poti masewera amatsitsa shuga m'magazi.

Mukatuluka, musathamangire kuvala. Khungu lomwe lakhala m'madzi limafewa ndipo limanyuka msanga mu soketi. Tsukani chitsa ndi madzi oyera, pukutani bwinobwino mpaka m'makwinya a chipsera, onetsetsani kuti palibe ngakhale kamchenga kamodzi, dikirani pang'ono kuti khungu liume, n'kuvala sokosi youma. Kamchenga kamodzi mu soketi, pa chitunda chochoka ku Chikale kubwerera m'tauni, n'kokwanira kubala thuza. Koma musakhalitsenso maola ambiri mwendo uli chovula chitsa chikulendewera, chifukwa chimatupa ndipo soketi imakana kulowa.

Ngati pachitsa pali bala lililonse, ngakhale laling'ono, tsiku limenelo nyanja isiyeni.

Likodzo silisankha

Tizilombo ta likodzo timachokera m'nkhono za m'madzi ndipo timaboola khungu labwinobwino. Chiopsezo chimakula m'madzi odekha, osaya, a bango ndi udzu, pafupi ndi pomwe anthu ambiri amasamba. Malo omwewo, pamodzi ndi pomwe mitsinje imathira m'nyanja, ndi omwenso ng'ona zimakonda, choncho muli ndi zifukwa ziwiri zowapewera. Mukaona magazi mumkodzo kapena kumva kuwawa pokodza, pitani kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel. Ngati mumalowa m'nyanja kawirikawiri, funsani a zaumoyo za kuyezetsa ngakhale musanaone zizindikiro.

M'bwato ndi pa sitima

Kupalasa bwato ndi masewera okuyenerani, chifukwa ntchito yaikulu ndi ya mikono ndi msana. Msodzi wodulidwa mwendo angathe kubwerera ku nkhafi yake. Koma ganizirani za bwato litagubuduka. Valani jekete yoyandamitsa nthawi zonse, ngakhale anzanu aziseka. Ngati mwakwera mutavala mwendo, dziwani kuuvula msanga ndi dzanja limodzi, ndipo yeserani zimenezi kunyumba, makamaka ngati uli wa lamba wa m'chiuno. Paulendo waufupi wokasodza, kuusiya kumtunda n'kwabwino.

Pa Ilala vuto limakhala pokwera ndi potsika. M'malo ngati Usisya ndi Ruarwe sitima imaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti aang'ono, ndipo pogombe ena amaponda m'madzi. Uzani ogwira ntchito m'sitimamo msanga, musalimbane ndi chikhamu, ndipo nyamulani jumbo lalikulu ndi masokosi ouma.

Pamtunda

Tauni ya Nkhata Bay ndi ya zitunda, ndipo kuyenda kokhako ndi masewera okwanira. Pokwera masitepe kapena chitunda, tsogozani mwendo wobadwa nawo; potsika, tsogozani woyikirira. Pakatsetsereka kwambiri, tsikani cham'mbali. Njinga yakapalasa ndi yabwinonso, ngakhale kuti soketi ina imatsina kuseri kwa bondo mukapinda kwambiri. Kukweza chishalo kumathandiza.

Kuthamanga ndi nkhani ina. Miyendo yopindika ngati chikwakwa yomwe mumaiona pa kanema ndi yopangidwira kuthamanga basi, ndipo mtengo wake ndi wokwera zedi. Mwendo woyendera tsiku ndi tsiku ulibe kufwamphuka kumeneko, choncho mukauthamangitsa nkhonya yonse imafikira pachitsa, m'chiuno ndi pamsana.

Mpira wamiyendo wa anthu odulidwa ziwalo umaseweredwa mwendo woyikirira utavulidwa. Timu imakhala ya anthu 7, osewera m'kati amathamanga ndi ndodo ziwiri, ndipo goloyi amakhala wodulidwa mkono. Dziko la Angola lidatenga chikho cha dziko lonse cha mpirawu mu 2018 ku Mexico, n'kufikanso mu ndime yomaliza mu 2022 ku Istanbul. Palinso volleyball yosewera chokhala pansi, yomwe timu ya amayi ya ku Rwanda yafika nayo ku Paralympics. Imeneyi ndiyosavuta kuiyambitsa: bwalo lake ndi la mamita 10 mulitali ndi 6 mulifupi, ukonde ndi wongopitirira pang'ono mita imodzi, ndipo anzanu a miyendo iwiri akhoza kusewera nawo bola akhale pansi. Mchenga wa pagombe, dzuwa litapepa, ndi bwalo laulere. Za mipikisano mungafunse ku Malawi Paralympic Committee. Ndipo ngati mudali wa malipenga kapena chilimika, musadzichotse nokha pagulu. Yambani ndi nyimbo imodzi, muone momwe chitsa chayankhira.

Chomwe chidzakuvutitseni pa masewera onse a pamtunda ndi thukuta. Nkhata Bay ndi kotentha komanso kwachinyezi, ndipo soketi yapulasitiki situlutsa mpweya. Pumani pakati pa masewera, vulani, pukutani chitsa ndi soketi, sinthani sokosi. Madzulo tsukani chitsa ndi sopo wamba, chapani masokosi, ndipo pukutani m'kati mwa soketi kuti igone ikuuma. Dziwaninso kuti mukayamba masewera thupi limasintha. Mukatsika sikelo chitsa chimachepa, n'kuyamba kulowa kwambiri mu soketi. Kuwonjezera sokosi kumathandiza kwa kanthawi, koma mukaona kuti mukungowonjezerabe, soketiyo yakula ndipo ikufunika kuonedwa.

Usiku uliwonse yang'anani chitsa chonse, kunsi ndi kumbuyo komwe, pogwiritsa ntchito kagalasi kapena kamera ya foni yanu. Malo othinidwa omwe sakubwerera mwakale pakatha mphindi 15 kapena 20 mutavula mwendo ndi chizindikiro chakuti soketi ikukupanikizani. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho samalani malo omwe ada kwambiri, otentha mukawakhudza, kapena owawa. Thuza musaliboole. Mukaona mafinya, fungo, kutupa kapena thupi likatentha, vulani mwendo, gwirani ndodo, ndipo pitani ku chipatala cha boma ku Mkondezi kapena chipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi tsiku lomwelo. Popita ku Mzuzu kukakonzetsa soketi, tengani masokosi onse omwe mumavala ndi nsapato zomwe mumachitira masewera, chifukwa kutalika kwa chidendene cha nsapato kumasintha momwe mwendo umaimira.