Kugula Njinga Yamoto Imene Yayenda Mtunda Wautali

Nkhani yathu lero ikukhudza makamaka abambo ndi amai amene kale ankakwera njinga zamoto pa ntchito yao, monga alangizi a zaulimi, a zaumoyo, oyendera sukulu ndi atumiki a mipingo, koma anazisiya zaka khumi kapena makumi awiri zapitazo. Ambiri a iwo tsopano apuma pa ntchito, ndipo poona kukwera mtengo kwa maulendo ndiponso kutalika kwa kumunda ndi kumsika, mtima wayambanso kulakalaka mthuthuthu. Ndalama zogulira watsopano palibe. Chimene thumba lingakwanitse ndi njinga yakale, ndipo poyang'ana kawotchi kake apeza kuti yayenda makilomita 50,000 kapena 70,000. Tsono funso ndi lakuti: kodi agule, kapena ndalama za penshoni zilowa m'madzi?

Tiyambe ndi nambala imene ili pa kawotchiko, pakuti ndi imene imaopsa anthu. Nambala imeneyi siinena zonse, ndipo nthawi zina imanama. Chingwe chimene chimayendetsa kawotchi chimaduka, mwini wake n'kuyenda zaka ziwiri osachikonza, kotero kuti mtunda wonsewo sunawerengedwe. Mawotchi ambiri akale ali ndi manambala asanu okha, ndipo akafika pa 99,999 amayambiranso pa ziro. Njinga zina zochokera ku Britain zimawerenga mamailosi, ndipo mamailosi 30,000 ndi makilomita oposa pang'ono 48,000. Chotero musamakhulupirire kawotchi kokha. Yang'anani mphira za popondera mapazi, mphira za pa handulo ndi chitsulo chosinthira magiya. Ngati zonsezi zaperepeseka mpaka kusalala pamene kawotchi kakunena makilomita 9,000, dziwani kuti pali chimene simukuuzidwa.

Chimene chimapha injini yaing'ono si mtunda, koma oyilo wakuda ndi fumbi. Akatswiri a kampani ya Honda anaziona zimenezi ndi maso ao pamene anayendera maiko ena a ku Asia m'chaka cha 1974. Anapeza anthu akuyendetsa njinga ndi oyilo amene anali atasanduka phala, sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, ndipo ku makaniko ankapita pokhapokha njinga itaimiratu. Atabwerera kwao anapanga Honda CG125, imene inatuluka m'chaka cha 1975, yokhala ndi injini yosavuta kukonza ndiponso yopirira nkhanza. Injini za njinga zambiri zochokera ku China zimene tikuziona m'misewu yathu lero zinatengera kapangidwe komweko. Komabe kupirira kuli ndi malire. Injini yotere imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo ndiye amafewetsa zitsulo, magiya ndi kilatchi, komanso amathandiza kuziziritsa injini, popeza mulibe madzi. Njinga imene yayenda makilomita 60,000 mwini wake akusintha oyilo pa nthawi yake ingakutumikireni zaka zambiri kuposa imene yayenda 15,000 ndi oyilo wosasinthidwa.

N'chifukwa chake funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale la mtengo, koma lakuti njingayi inkagwira ntchito yanji. Tiyerekeze kuti inali ya kabaza, ndipo inkayenda makilomita 100 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Pa chaka ndi makilomita oposa 31,000, ambiri mwa iwo itanyamula anthu awiri kapena atatu, mwinanso ndi thumba la chimanga, ikuyendetsedwa ndi mnyamata wolembedwa ganyu amene njingayo si yake. Ya zaka ziwiri yotere ndi nkhalamba kale. Koma njinga imene inali ya bungwe kapena ya ofesi, monga Yamaha AG200 zimene alangizi ambiri akhala akukwera, kawirikawiri imakhala kuti inkapita ku galaja pa nthawi zoikika, ndipo mwina buku losonyeza zimenezi lilipo. Lipempheni.

Palinso mtundu wachitatu umene umanyenga anthu ambiri, ndiwo njinga imene yakhala m'khonde zaka zinayi osayenda, manambala ake ali ochepa, utoto uli waliwali. Apa m'pamene akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Petulo wotere ngwabwino njinga ikamayenda, koma akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi, thanki n'kuchita dzimbiri m'kati, ndipo timabowo ta m'kabuleta timatsekeka ndi utomoni. Mphira zonse zimauma, batire imafa. Tsekulani thanki, muunike ndi tochi, mununkhize. Petulo wowola amanunkha ngati vanishi.

Tsiku lokaona njinga, pitani m'mamawa, ndipo muuziretu wogulitsa kuti asailize inu musanafike. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, funsani chifukwa chake, pakuti injini yotopa imavuta kulira ikazizira, ndipo ogulitsa ochenjera amaitenthetseratu. Musapite nokha. Tengani makaniko amene inu mwamsankha ndi kumlipira, osati mnzake wa wogulitsa. Ndalama ya tsiku limodzi imene mungampatse ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wotsekula injini.

Musanalize, solani kamtengo koyezera oyilo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi. Wonyezimira tizitsulo ting'onoting'ono akukuuzani kuti m'katimo zitsulo zikudyana. Wolimba kwambiri ngati uchi nthawi zina amathiridwa dala kuti abise phokoso. Kenaka pondani kiki pang'onopang'ono. Iyenera kukukanizani pamene pisitoni ikupanikiza mpweya, ndipo ikangotsika lendee popanda kulimba, ndiye kuti maringi kapena mavavu atha. Makaniko amasule pulagi: yabwino imakhala youma, yofiirira pang'ono, pamene yakuda ndi yonyowa oyilo ikusonyeza kuti oyilo akulowa kumene sayenera kulowa.

Pa nkhani ya utsi ndiime pang'ono, chifukwa apa m'pamene okwera akale amasokonezeka. Njinga zimene ambiri a inu munazolowera, monga Yamaha DT125 ndi AG100, zinali ndi injini yotentha oyilo pamodzi ndi petulo, ndipo kautsi kobiriwira kumbuyo kanali chibadwa chake. Njinga zambiri za masiku ano siziri choncho. Oyilo wake amakhala pansi pa injini, satenthedwa, ndipo sathiridwa m'petulo. Pa njinga yotere utsi wobiriwira si chibadwa ayi, ndi matenda. Ukangotuluka pang'ono poliza n'kusiya, vuto likhoza kukhala laling'ono, la timphira ta mavavu. Ukapitirira injini itatentha, makamaka pokoka moto, konzekerani kugula pisitoni ndi maringi. Zimenezi zimakonzeka, ndipo pa injini za mtundu wa CG masipeya ake savuta kupeza, koma mtengo wake uchotsedwe pa mtengo wa njinga. Phokoso limene ine ndinganene kuti mulithawe ndi kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini. Kaphokoso ka tiki-tiki ka pamwamba kawirikawiri n'kongofuna kuchuna mavavu.

Injini imasinthidwa, koma felemu yokhota ilibe mankhwala. Imani kumbuyo kwa njinga, muwerame, muone ngati matayala awiri ali pa mzere umodzi. Yang'anani pa khosi pamene handulo yalumikizana ndi felemu, ndiponso pansi pa mpando. Powotcherera patsopano kapena utoto wa pamalo amodzi ndi chipsera cha ngozi kapena cha katundu wolemera. Imikani njinga pa sitandi ya pakati, tayala lakutsogolo likhale m'malere, ndipo mutembenuze handulo uku ndi uku; ikamakodwa pakati, mabering'i a pa khosi atha. Pa mipope ya foloko pasakhale oyilo. Masipoko agogodeni ndi sipanala monga muchitira ndi njinga yakapalasa, pakuti lomasuka limamveka mau ogontha. Tcheni chikokeni kumbuyo kwa sipuloketi yaikulu: mukaona theka la dzino, chatha, ndipo mano akapindika ngati zikhadabo za kabawi muyenera kusintha tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, chifukwa chatsopano pa mano akale chimatha msanga.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa, ngakhale ambiri sadziwa. M'mbali mwa matayala ambiri muli manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, motero 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala limene lapitirira zaka zisanu liyenera kuyang'anitsitsidwa, ndipo lokhala ndi ming'alu lichotsedwe ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Mphira youma imaterera pa tala wonyowa ngati sopo.

Za mapepala sindichulukitsa mau, pakuti lamulo lake n'limodzi: popanda bulubuku, musapereke ndalama. Nambala ya felemu ndi ya injini zifanane ndi zimene zalembedwa, ndipo dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chiphaso cha wogulitsa. Manambala okandidwa kapena okhomedwanso ndi chizindikiro cha njinga yobedwa, ndipo ikapezeka m'manja mwanu mudzataya njinga ndi ndalama zomwe. Zilipo zina zimene zinalowa m'dziko mozemba msonkho ndipo sizinalembetsedwe. Kutsika mtengo kwake kumathera pa rodibuloko yoyamba. Lemberanani kalata ya malonda pamaso pa mboni, ndipo mupite limodzi ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini. Inshuwalansi yoteteza anthu ena ndi lamulo. Pa ndalama zonse zimene muli nazo, musathere pa njinga yokha; siyani gawo la matayala, tcheni, batire, oyilo, mapepala ndi chipewa.

Tsopano tifike pa chinthu chachiwiri chimene chayenda mtunda wautali, ndicho wokwerayo. Manja saiwala kilatchi, mapazi saiwala magiya, ndipo pakangotha mphindi zisanu munthu amadziona ngati sanasiyepo. Ngozi yagona pomwepo. Chimene chimaiwalika ndi changu cha maso ndi luso loima mwadzidzidzi. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ora imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Munthu akachedwa ndi theka la sekondi kuona mbuzi kapena mwana, wadutsa kale mamita 8 asanagwire buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki atagwidwa umawirikiza kanayi. Amene mwafika zaka makumi asanu kapena kuposa, kayezetseni maso musanagule, makamaka ngati mudzayenda madzulo.

Mabuleki nawonso anasintha. Ambiri munaphunzira pa njinga za mabuleki a ng'oma, amene ankafuna kufinya ndi mphamvu, ndipo ena munauzidwa kuti buleki yakutsogolo siigwiridwa. Chiphunzitso chimenecho n'cholakwa, pakuti poima kulemera konse kumathamangira kutsogolo, ndipo pa tala buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Koma buleki ya disiki, imene njinga zambiri zili nayo tsopano, imaluma msanga. Mukaitswanya mwadzidzidzi pa mchenga kapena pa miyala, tayala limaima, inu n'kugwa. Imafuna kufinya mwapang'onopang'ono monga mukamira ng'ombe. Madzi ake a buleki amakoka chinyezi, choncho asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo pa njinga yogula kwa munthu asintheni tsiku loyamba.

Msewu umene munausiya si umene mudzaupeze. Galimoto zachuluka, ma minibasi amaima paliponse, ndipo anyamata a kabaza amatulukira kumanzere ndi kumanja komwe. Musasankhe njinga yaikulu pofuna kukumbukira unyamata. Ya 125 kapena 150 ikwanira ulendo wa kumunda, ndipo ikagwa mudzatha kuidzutsa nokha. Onaninso laisensi yanu, chifukwa mwina inatha kale mphamvu, ndipo kumbukirani kuti ya A1 imalekeza pa injini ya 125, pamene yoposa apo imafuna ya A.

Chipewa chimene chakhala pa msomali kuyambira tsiku limene munapuma ntchito chisiyeni pomwepo. Thovu la m'kati ndi lamba wake zimakalamba, ndipo chipewa chimene chinamenyekapo pansi pa ngozi sichitetezanso kachiwiri. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2008, wosonkhanitsa zofufuza zambiri, anapeza kuti chipewa chimachepetsa imfa ndi pafupifupi 42 pa 100 alionse, ndiponso kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 pa 100. Koma chiyenera kukhala cha njinga yamoto, osati cha omanga nyumba, ndipo lamba amangidwe pansi pa chibwano. Gulani ziwiri ngati mai a kunyumba adzakwera nanu.

Njinga ikafika pakhomo, masabata awiri oyamba musanyamule munthu ndipo musayende usiku. Pemphani bwalo la mpira pa nthawi imene ana palibe, muike miyala, muzizungulira pang'onopang'ono maso ali kumene mukupita, osati pa tayala. Kenaka lembani mzere pansi, mubwere ndi liwiro la makilomita 20 pa ora, mugwire mabuleki onse awiri pa mzerewo, ndipo muwerenge mapazi mpaka pamene mwaima. Bwerezani mpaka mtundawo utafupika, ndipo mukatero mukwere pa 30, kenaka pa 40. Mukatha apo m'pamene mungalowe mu msewu waukulu, ndipo ulendo woyamba ukhale wa m'mawa wa Lamulungu, pamene galimoto zimakhala zochepa.